Adzukulu Anatsuka Galimoto ya Madamu

Pa purazi, famu ya fodya imene ndinabadwira, kufupi ndi Macheke, makanika ndinali ine. Thirakitala, lole, injini zopopera madzi, zonse zinkadutsa m'manja mwanga. Koma imene inkandizunguza mutu inali galimoto ya malemu bwana, yakalekale, yaitali kumbuyo, imene madamu anakana kuigulitsa amuna awo atamwalira.

Galimoto ija inali ndi thebo, kachipangizo kooneka ngati nkhono kamene kamazungulira ndi utsi wa injini n'kumakankhira mpweya m'kati kuti galimoto ikhale ndi mphamvu. Kamatentha koopsa. Ukayenda ulendo wautali chitsulo chake chimachita kufiira, ndiye suzimitsa injini pompo ayi, umaisiya ilire pang'onopang'ono mpaka izizire. Inalinso yamakani galimoto ija. Mame akangolowa m'chivundikiro cha disitibyuta, mmene moto umagawikira kupita ku mapulagi, basi tsiku limenelo silira. Ndinkapukuta chivundikirocho ndi kansalu kouma, kupala mapulagi, kuyeza mipata yake, kukulunga ndi tepi mawaya ong'aluka, chifukwa masipeya ake m'dziko muno munalibe. Kanthu kakang'onong'ono unkadikira munthu wochokera ku Joni.

Bambo anga anamwalirira kuchipatala ku Marondera, nyengo yozizira, nthawi yogulitsa fodya. Iwo anachoka ku Dedza ali mnyamata ndipo sanabwererenso. Kuno tinalibe mudzi, anzathu achishona ankatinena kuti ndife anthu opanda musha. Nyumba ya pa komboni imene tinkakhala, ine, mkazi wanga, ana ndi makolo anga, inali ya ntchito yanga. Ntchito ikatha, nyumba yathanso, ndipo manda athu anali pa purazi pomwepo, kuseri kwa mabulugamu.

Lole inali itapita ndi mabelo ku Harare. Thirakitala, imene nthawi zonse inkanyamula maliro athu, sikanatha kukafika ku tauni. Ndinapita kwa madamu chipewa chili m'manja kukangowauza za zovutazo, koma iwo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi makiyi a galimoto ija. Ndinangoti kukamwa yasa! Galimoto imene ngakhale mwana wawo sankaloledwa kuiyendetsa. Anati ndigonetse mipando yakumbuyo, bokosi likwana.

Ndinabwera nawo bambo masana, ndikuthamanga kuti tikaike maliro dzuwa lisanapendeke. Titafika pa siwa ndinaimika galimoto, injini n'kuisiya ikulira kuti izizire monga mwa nthawi zonse. Adzukulu, anthu amene amakumba manda ndi kuyendetsa zonse za pamaliro, anatsitsa bokosi. Amayi anandigwira mkono akulira, ndipo ndinalowa nawo m'nyumba.

Kwathu chilichonse chimene chanyamula mtembo chimatsukidwa. Makasu, mafosholo, ngolo, zonse. Ngakhale ife opemphera mwambowu sitinkautsutsa. Thirakitala ikabwera ndi maliro, adzukulu ankaikhuthulira ndowa za madzi paliponse, ndi pa injini pomwe, iyo n'kumangolirabe ili gu gu gu, osadandaula. Mkulu wa adzukulu tsiku limenelo anali dalaivala wa thirakitala yomweyo, bambo wachikulire wochokera ku Tete, mnzawo wa bambo anga wa ponda apa nane mpondepo. Iye anaganiza kuti galimoto ya madamu iyenera kutsukidwa bwino koposa, kuti isabwerere kunyumba kwa mwini wake ndi mphepo ya maliro. Boneti ankadziwa kutsegula kwake.

Ndili m'nyumba ndinamva injini ikutsamwa, kenako thee! ngati mbale yadothi yasweka, kenako zii. Ndinadumpha miyendo ya azimayi olira n'kutuluka. Nthunzi inali tolo! Boneti ili yasa, amuna awiri atagwira ndowa zopanda kanthu, wachitatu akubwera ndi ina yodzaza ndi madzi a pachitsime, ozizira ngati a m'firiji.

"Mwapha! Mwandipha ine!"

Ndinakuwa chonchi pa maliro a bambo anga, anthu onse akumva. Nyimbo inaduka. Mkulu uja anandiyang'ana modabwa, madzi akudontha m'zigongono, n'kunena modekha kuti, "Mwana wanga, tangotsuka basi."

Atsuka basi! Disitibyuta inali itamwa madzi, koma imeneyo ndikanaiumitsa. Nthunzi itatha ndinawerama n'kuona mng'alu pa chitsulo cha thebo, wochokera kukamwa kwake mpaka pansi, wolowa chikhadabo. Ndinkafuna kum'tukwana mkulu uja, koma mdzukulu satukwanidwa, ndiponso munthuyo anali atakumba manda a bambo anga kuyambira m'mawa. Pamanda sindinamve ngakhale mawu amodzi a abusa. Anthu ankaona ngati ndikulira bambo, ndipo bambo ndinkawaliradi, koma maso anga ankangoona mng'alu uja.

M'mawa mwake tinaikoka ndi thirakitala kukaisiya kunyumba kwa madamu. Ndinafotokoza zonse, za mwambo, za ndowa, ndiponso kuti sanachitire dala. Madamu sanakalipe. Anayang'ana mu injini nthawi yaitali, anagwira pamene panang'aluka, ndipo ndinaona kuti akulira. Ndinati ndiyesa kuwotcherera. Ndinayesadi, kawiri konse, koma chitsulo chamtundu umenewu chikangotentha chimang'ambikanso pambali pa chowotchereracho. Ku Harare anati thebo yotere sanaionepo chiyambire. Mwana wa madamu atabwera, anati makiyi anapatsidwa kwa ine, osati kwa adzukulu, choncho ndimalize mwezi ndizipita.

Ndinapeza ntchito yokonza mapampu pa kamgodi ku Beatrice. Tikumanga katundu, ndinaona kuti amayi sakukhudza chilichonse chawo. Ndinawafunsa, ndipo anandiuza kuti apita kale kwa foromani kukalembetsa ntchito yosankha fodya ku shedi, ndipo awapatsa kachipinda kamodzi kumapeto kwa komboni. Amayi amene maso awo sankathanso kulowetsa ulusi pa singano! Ndinakwiya, ndinachonderera, ndinawauza kuti fumbi la fodya liwapha ndi chifuwa.

"Dothi la bambo ako silinaume," anatero. "Ndikachoka ine, adzalimapo chimanga."

Tinakwera basi ine, mkazi wanga ndi ana. Amayi sanatiperekeze mpaka kumsewu, chifukwa belu la ku shedi linali litalira kale.