Dziwe Lofika Pachifuwa la a Arlyss

A Arlyss Heikkila sanagulepo ngakhale imodzi mwa nsomba zawozo. Zonse zinabwera zokha, m'timatumba ta pulasitiki. Chaka chilichonse chionetsero cha zaulimi chikatha, sukulu n'kutsegulira, pamapezeka mwana amene anawina kansomba kofiira pa masewera oponya mpira, mayi ake n'kumukaniza kukasunga m'nyumba. Ana a m'tauni yathu, kuno kumpoto kwa Minnesota, ankadziwa kopita nako. Ankagogoda pakhomo lakuseri la khitchini ya sukulu, pomwe a Arlyss anaphika ndi kugawa chakudya kuyambira ali mtsikana mpaka imvi zitadzaza mutu.

"Ukuganiza kuti kuno n'kuchipatala kwa nsomba?" ankatero, koma dzanja atalitambasula kale.

Zambiri zinkafa sabata isanathe. Zolimba mtima zinkakula, ndipo iliyonse ankaitcha dzina la mwana amene anaibweretsa. Yaikulu kuposa zonse inali Gary. Gary mwiniwakeyo anali atakula, atachita dazi, akuyendetsa chigalimoto chokankha chipale chofewa m'misewu, koma mnzake wa m'madziyo anali adakalipo, wamtali ngati mkono wa munthu, msana wake utatuwa ndi ukalamba. Zonse zinkakhala m'chibafa chomwetsera ng'ombe chimene malemu amuna awo, a Reino, anachitsitsira m'chipinda chapansi pa nyumba.

Chimene chinawagonjetsa ndi maondo. Madzi a m'chibafamo amafuna kusintha, ndipo kusinthako n'kukwera ndi kutsika masitepe ndi ndowa. Tsiku lina bondo linakana ali pakati pa masitepe, ndowa inagubuduzika, iwo n'kukhala pansi pomwepo kwa nthawi yaitali akumvetsera madzi akudontha. Anadziwa kuti chaka china sadzathanso. Mawa lake anaimbira foni Curtis Beaulieu, amene amakumba maiwe a m'mabwalo mwa anthu.

Curtis anabwera ndi tepi yake yoyezera, nazungulira kuseri kwa nyumba akuponda dothi ndi chidendene.

"Mayi, mitengo ilipo iwiri," anatero. "Dziwe lofika m'maondo n'lotchipa, ndipo n'lokongola ndithu. Kungoti chisanu chikabwera limaundana mpaka pansi. Ndiye kuti Okutobala aliyense muzizivuula n'kuzibwezera m'chibafa chanu chija."

"Chibafacho ndi chimene ndikuthawa, iwe. Nanga winawo?"

"Lofika pachifuwa. Pamwamba paziundana, pansi pazitsala madzi, nsomba zizigona momwemo mpaka kutafunda. Koma pamafunika makina okumbira, lole yochotsa dothi, chilabala chachikulu choyala pansi, miyala, ndiponso wa magetsi adzakoke waya wa kapampu ka mpweya."

Atatchula mtengowo, a Arlyss anagwira mpanda. Zinali ndalama zogulira galimoto yakale koma yoyenda bwino.

"Iwe Curtis, si iwe unkabisa kaloti m'kabokosi ka mkaka poganiza kuti sindikuona? Lero ukufuna kundibwezera?"

"Ayi mayi, kalotiyo ndinakukhululukirani kalekale," anaseka Curtis akukanda m'mutu. "Dothi ndi limene silikhululuka. Phazi lililonse lopita pansi lili ndi mtengo wake."

Chinthu chamtengo chimene a Arlyss anali nacho chinali chimodzi: boti la a Reino. Chimwalirireni mwiniwake, amene ankalikwera anali mlongo wamng'ono wa a Arlyss, Wendell, msodzi amene chilimwe amakhala pa boti, chisanu amakhala m'kanyumba kake ka pamwamba pa nyanja youndana. Atamva kuti botilo lagulitsidwa, anafika fumbi lili koboo, injini osazimitsa n'komwe.

"Achemwali, mutu ukuyenda bwino? Mwagulitsa boti logwirira nsomba zodya, kuti mumangire nyumba nsomba zosadya?"

"Boti linali la mwamuna wanga, osati la mlamu wake."

"A Reino akanamva akanadzuka kumanda!"

"Akanadzuka akanayamba akufunsa iweyo za mafuta amene sunabwezepo. Zimitsa galimoto, khofi wapsa."

Wendell anamwa khofiyo, anadyanso buledi wotsekemera magawo awiri, koma nkhope sinamasuke. Makina a Curtis atabwera, Wendell sanafikeko. Anangomva kwa anthu kuti dzenjelo linali lakuya moti a Arlyss atatsikiramo pa makwerero kukayeza, panja pankangooneka mapewa ndi mutu wa imvi. Anamvanso kuti tsiku losamutsa nsomba, Gary atalowa m'dziwe anaima kaye phee, kenako anayamba kusambira molunjika, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake osakhota pa khoma la chibafa, ndipo a Arlyss anapukuta maso ndi epuloni.

Masamba atayoyoka, Curtis anabweranso kudzawalangiza.

"Madzi akazizira, musazipatsenso chakudya, ngakhale zikuyang'aneni momvetsa chisoni. Kapampu aka kazisiya kabowo pamwamba kuti mpweya woipa uzitulukira. Kabowoko kakatsekeka masiku angapo, zonse zibanika. Koma chonde mayi, kakadzatsekeka musadzamenye. Muno si m'nyanja. Dziwe laling'ono lili ngati ng'oma, mukamenya pamwamba, nsomba zimaphulika m'kati. Ikani poto wa madzi otentha, asungunule yekha."

Chisanu chinabwera monga chimabwerera kwathu kuno. Dziwe linasowa pansi pa chipale, n'kungotsala kabowo kakuda konga mbale, kakutulutsa kanthunzi. M'mawa uliwonse a Arlyss ankaima pawindo ndi kapu m'manja kukayang'ana. Nsomba sankaziona. Zaka zonsezi ankazidyetsa ndi dzanja, ndiye tsopano kungozisiya mumdima, osadya, m'madzi oti chala chimauma ukachiviika, chifukwa choti wanena ndi mwana amene ankabisa kaloti! Nthawi zina mumtima ankadzifunsa ngati sanagulitse boti kuti agulire ana awowo manda.

Mu Januwale kunaomba chimphepo chimene chinagwetsa mitengo pa mawaya, magetsi n'kuzima tauni yonse. Kapampu kanasiya. Mphepo itatha, chipale chinali chitatseka khomo lakuseri, ndipo pa dziwe panali pongoti mbee, kabowo kaja kulibe. A Arlyss anaimbira Wendell kuti adzawafosholere njira, namuuza kuti bowo la nsomba latsekeka. Zoti asamenye sananene. Anali ndi maganizo ambiri, ndipo mapoto anali kale pa mbaula ya nkhuni.

Wendell, ngakhale anali wokwiyabe, mlongo wake sakanamusiya. Anafika ndi fosholo, komanso chitsulo chake chachitali chosongoka, chimene msodzi aliyense wa kuno amaboolera nyanja. Kwa iye bowo lotsekeka linali ndi mankhwala amodzi okha, amene anawaphunzira kwa bambo ake asanayambe n'komwe sukulu. Anafoshola njira, anapeza dziwe, nakweza chitsulocho.

A Arlyss anali akuthira nkhuni pamene anamva kugunda. Kunamvekera pansi pa mapazi, m'matabwa a khitchini. Kunagundanso. Anatuluka ndi masilipasi, opanda chikhoti, maondo aja ataiwalika.

"Wendell! Taya chimenecho! Taya, chitsiru iwe!"

Chitsulo chinali chitatsika kale kachitatu.

"Nanga n'chiyaninso? Si mwati bowo latsekeka?"

"Wazipha! Muno si m'nyanja mwako! Wandiphera ana!"

Wendell anayang'ana chitsulo, kenako anayang'ana mlongo wake. Atamufotokozera za ng'oma ija, anaika chitsulocho pansi pang'onopang'ono ngati chingalirenso.

"Lowani muvale nsapato, achemwali," anatero motsitsa. "Mapotowo ndinyamula ndine."

Anatha m'mawa wonse akusinthanitsa mapoto. Wotentha ankamukhazika pomwe panali bowo kale, akazizira n'kubwerera naye pa mbaula. Poto ankamira pang'ono pang'ono, kusiya mphete yosalala. Dzuwa lili pamutu, poto anapendekeka, madzi akuda n'kubwera pamwamba ndi kafungo ka matope. A Arlyss anagwada nasuzumira, koma anangoona nkhope yawo yomwe ndi mitambo.

"Sindikuona kanthu," anatero. "Mwina zagona chagada pansipo."

"Simungaone choncho. Dikirani."

Wendell anatenga fosholo nachotsa chipale chonse pamwamba pa dziwe mpaka madzi oundanawo anayera ngati galasi. Kenako anavula chikhoti chake chachikulu. Asodzi a mikondo amakhala m'kanyumba kopanda windo kuti kuwala kuzichokera pansi pokha, ndipo iye anakulira m'tinyumba totero.

"Gonani chafufumimba. Nkhope pa bowo. Musathamange, maso azolowere kaye."

Anawafunditsa chikhoticho kumutu. Poyamba munali mdima ndi fungo la fodya ndi mafuta a injini. Kenako, pang'ono ndi pang'ono, pansi panayamba kuyera. Dzuwa linali likulowa kudzera m'madzi oundana aja, ndipo dziwe lonse linawala mobiriwira ngati chipinda chimene wina wayatsamo nyale. Anaona mwala uliwonse umene Curtis anayala, tsamba limodzi litaima pakati pa madzi osakwera osatsika. Ndipo pansi penipeni, pamalo akuya aja amene anadya boti la a Reino, zinali pomwepo. Zinandanda pamodzi, mitu kumodzi, mimba zitatsala pang'ono kukhudza pansi, zofiira ngati makala a moto amene aphimbidwa ndi phulusa. Sizinkasambira. Sizinkamira. Zinangoima, chilili, m'kuzizira koti munthu sangathemo mphindi zochepa.

A Arlyss anamuyang'anitsitsa Gary mpaka maso anawawa. Patapita nthawi yaitali, kukamwa kwake kunatseguka pang'ono, n'kutsekekanso. Chipsepse chimodzi chinagwedezeka ngati munthu amene akutembenuka m'tulo.

"Zili moyo?" anafunsa Wendell ali kunja kwa chikhoti.

A Arlyss anangotulutsa dzanja n'kumukoka mwendo wa buluku. Wendell anagona pambali pawo, nalowetsa mutu. Munthu ameneyu anali atasuzumira m'mabowo osawerengeka moyo wake wonse, koma nthawi zonse mkondo uli m'manja, akudikira chobaya. Anayang'anitsitsa mpaka a Arlyss anayamba kumva kuzizira m'mafupa.

"Mayo ine," ananong'ona. "Ndiye zimagona chonchi? Nyanja yonse ija, pansi pa kanyumba kanga, zimakhala zili chonchi?"

"Usakuwe. Wazisokosera kale mokwanira."

Koma kamodzi, kakang'ono kuposa zonse, kamene ankakatcha Tammy, kanali patali ndi zinzake, katapendekeka. Onse awiri anakaona.

Magetsi anabwera mawa lake. Kuyambira pamenepo Wendell ankadutsa m'mawa uliwonse, akuti kudzamwa khofi, koma asanagogode ankayamba wazungulira kuseri kukaona bowo. Curtis atamva nkhaniyo anati za kumenyako sizidziwika msanga, zina zimafa mochedwa, adikire kufunda. Choncho anadikira, Febuluwale yense ndi Malichi yense.

Kumapeto kwa Epulo madzi oundana anachita mphako, anasweka, nasungunuka. Tammy anayandama m'mphepete, atayera. Wendell ndi amene anamuvuula ndi manja ake, nakamukwirira pansi pa mtengo wa maapozi, dothi likadali lolimba. Atabwerako anapeza mlongo wake atakhala pa mwala, maso ali pamadzi. Kwa masiku angapo pansi sipanagwedezeke chilichonse.

Ndiye tsiku lina masana, dzuwa litatentha mpaka anthu kuvula zikhoti, chinthu chofiira chinayamba kukwera kuchokera pakuya paja, mosafulumira, ngati chikukumbukira njira. Msana wotuwa unang'amba madzi. Pambuyo pake panabwera ina, kenako ina, mpaka zonse zotsala zinazungulira pa mapazi a a Arlyss, zitatsegula kukamwa, zowonda pang'ono, zanjala, miyezi yonse ija osalawa kanthu.

A Arlyss anaviika chala, Gary n'kuchiyamwa monga ankachitira m'chibafa. Wendell anavula chipewa.

"Achemwali," anatero, "Curtis uja anati phazi limodzi lopita pansi ndi ndalama zingati?"

"Bwanji, ukufuna kundinyozanso?"

"Ayi. Ndimati mwina anakuchotserani mtengo."

A Arlyss anamupatsa chitini cha chakudya osamuyang'ana.

"Pang'ono pokha, mimba zawo zikadali m'tulo. Ndipo ugwade, usaziponyere ngati ukudyetsa nkhuku."

Wendell anagwada.