Mazila a Nkhanga m'Chisoti cha Aphunzitsi

Linah NyaZimba wa ku Chikomeni anabadwa ndi makutu a mtundu wathu. Ali kamwana, ankakhala pakhonde atafulatila njila, n'kumauza amake kuti amene akusinja kuseli kwa chulu ndi a Keziya, chifukwa munsi wao unkagwa kawili n'kupuma. Njinga ya akatekisi ankaidziwa isanaoloke dambo. Ena ankati kamwana aka kadzakhala ka miseche. Ananama, ndipo amene ananenawo tikuwadziwa.

Koma chimene ankakonda kumva koposa ndi nkhanga za amake. Zinkagona mumtengo wa mango kuseli kwa nkhokwe, ndipo kukamacha zinkayamba phokoso ngati azimai okangana pamjigo. Amake atamwalila, Linah anazitenga kupita nazo kunyumba ya pasukulu. Anali atakwatiwa ndi aphunzitsi a Hillary Mtonga, mwana wa m'tauni ya Chipata, wofatsa, katswili wa masamu, koma wosasiyanitsa kulila kwa njiwa ndi kwa chule. Mwana wao dzina lake anali Uchizi.

Chaka chatha chitopa chinasesa mudzi. Nkhuku zinatha, nkhanga zinatha, inatsala yaikazi imodzi yotsimphina. Ikanapita osasiya ana, mbeu ya nkhanga za amake ikanathela pomwepo.

Mvula itagwa, nkhangayo inayamba kusowa masana, ikuyenda ndi zinzake za kuchile zochokela ku nkhalango ya Lukusuzi. Tsiku lina Linah akuanika zovala anaimva ikulila cha kumunda wa nshawa, ndipo anadziwa kuti yayamba kuikila. Kwathu kuno mazila a nkhanga sagwilidwa ndi manja. Umatola ndi chipande chachitali, n'kusiyapo awili kapena atatu, kuti mwini wake asamve fungo la munthu, apitilize kuikila. Linah anauza mwamuna wake za chisacho, koma za chipande sanachule. Ndani angauze munthu wa ndevu zimene mwana aliyense adziwa?

Loweluka m'mawa akuchoka kumadzi, anapeza a Hillary ataima pabwalo, chisoti chili m'manja, mano onse pamtunda.

"Anyina Uchizi, onani zimene achita amuna anu! Asanu ndi anai, palibe losweka."

Linah anatula ndowa pang'onopang'ono. "Mwatola ndi chiyani?"

"Ndi manja awa, nanga ndi chiyaninso?"

"Mwasiyapo angati?"

"Ndisiyile nyenga? Onse ali muno."

"Awiske Uchizi, sukulu yonse ija, za chipande sanakuphunzitseni?"

"Ku koleji kunalibe phunzilo la chipande, mama."

Linah anafuna kulila, koma kunabwela kuseka. Nkhanga ija itapeza chisa chopanda kanthu chikununkha sopo wa aphunzitsi, inatsata zakuchile, osaonekanso. Panatsala mazila a m'chisoti okha, ndipo ankafuna thadzi loti liwakhalile. Nanga thadzi ulipeza kuti m'mudzi mwadutsa chitopa? Dzila silidikila munthu.

Masiku awili Linah anayenda nyumba ndi nyumba. Aliyense ankaonetsa khola lopanda kanthu. Tsiku lachitatu anafika kwa a Eness, msuwani wa malemu amake, amene anali kusoka fodya pafupi ndi chigafa chao.

"Monile, amama. Ndafuna thadzi lokhalila."

"Mwana wanga, nkhuku zinatha. Ngakhale nthenga ndilibe."

Linah anapendeka mutu. M'chigafamo, kuseli kwa masaka, china chake chinali kung'ung'udza chapansipansi, monga imachitila nkhuku imene yatentha pamimba.

"Nanga ikulankhula m'chigafa umo ndi wailesi?"

A Eness anaponya fodya pansi, naseka mpaka kutsokomola. "Iwe mwana wa Dainess, ndinabisa mwezi wathunthu, ngakhale amuna anga muno sadziwa! Tenga. Koma tiana tiwili ndi tanga."

Vuto linatsala limodzi. Nkhuku imakhalila milungu itatu, pamene mazila a nkhanga amafuna inai. Mlungu wachitatu utatha, thadzi lija linayamba kunyanyuka, likusuzumila panja ngati likufunsa kuti ana ake achedwa kuti. Apa mpamene a Hillary anadziombola. Analivundikila ndi dengu, ndipo belu la buleki likangolila ankathamangila kunyumba, choko chili m'manja, kukalipatsa madeya ndi madzi. Ankalinyengelela ngati mwana wa mayeso.

"Pilila mayi, atsala masiku anai chabe."

Lachinai masana Linah ali kupeta mphale, anasiya lichelo n'kuthamangila kudengu. Tiana ta nkhanga tinali titaswa, tisanu ndi tiwili, timizelemizele pamutu, timiyendo tofiila, tikuthamanga kale. Thadzi linkatiitana, ito osamva, kalikonse njila yake. Linah anakhala pansi pafumbi, chitenje chili kumaso, ndipo a Hillary anangoima pambali. Pamenepo anachita bwino.

A Eness anabwela kudzasankha tiwili tao, nadandaula kuti thadzi lao laonda ngati lagwila ganyu kumunda wa fodya. Linah anawaonjezela mbale ya nshawa. Zisanu zotsalazo zakula tsopano, zitatu ndi zazikazi. Zadya kale nazale ya tomato ya ahedi, ndipo Linah sanapepese.