Nkhope Yomwe Inatsalira M'Baibulo

Pulinta ndinaigula chaka chomwe fodya anachita bwino. Inki yake yeniyeni itatha, wogulitsa wina ku boma la Lundazi anandionetsa timabotolo tinayi topanda dzina, nalumbira kuti inki imeneyo sifwifwa mpaka Ambuye adzabwere. Munthu wotchula Ambuye pogulitsa madzi akuda ngwofunika kumuthawa. Ine ndinagula, n'kumathira ndi jekeseni, manja bii.

Mumpingo mwathu ku Kapichila, anthu sapachika zithunzi pakhoma poopa utsi ndi chiswe. Amazisunga m'Baibulo.

Bambo wina wa m'kwaya atamwalira, mkazi wake anandipempha chithunzi chomwe ndinamujambula malemuyo ali moyo. Ndinachisindikiza, chinatuluka chowala, kenaka ndinachifufuta m'foni kuti malo apezeke. Panalibenso wina amene anali nacho.

Mvula ili mkati, mayiyo anafika kwathu atakulunga Baibulo m'chitenje.

"Monire, adada. Taonani zomwe mwandichita."

Chinyezi chinali chitasungunula inki, chithunzi n'kumatirira patsamba. Titachikanganula, theka la nkhope linatsala pomwepo, lobiriwira ngati nkhungu ya pachimanga chovunda. Maso kunalibe. Mawu a Mulungu nawonso anali atadetsedwa, mizere ingapo yosawerengeka.

"Pepani, amama," ndinatero.

"Pepaniyo ndiye nkhope? Mdzukulu akakula ndidzamuonetsa chiyani? Ndidzati agogo ako ndi thope ili?"

Wogulitsa uja anandinyansa, koma amene anandinyansa koposa ndi ine mwini. Lamulungu lililonse ndimachenjeza anzanga za zinthu zowala kunja koma zovunda mkati, ndiye ineyo n'kupereka chovunda kwa mkazi wamasiye! Inki yotsalayo ndinakaikhuthulira m'chimbudzi.

Ndinaitanitsa inki za mitundu itatu, osakhulupiriranso pakamwa pa munthu. Iliyonse ndinasindikiza nayo zithunzi ziwiri. Chimodzi ndinachisiya padenga pa dzuwa, china pansi pa mtsuko wa madzi, mwezi wathunthu. Mtundu umodzi wokha ndiwo unapirira.

Mwezi womwewo ndinayenda khomo ndi khomo kwa a kwaya, kufufuza m'mafoni mwawo. Ndinangopeza chithunzi chimodzi cha paukwati. Malemuyo ali kumbuyo kwenikweni, atacheukira kwina, kukuoneka phewa ndi mbali ya mutu basi. Ndinachikulitsa, n'kuchisindikiza ndi inki yopirira ija, n'kupita nacho kwa mayi uja ndili ndi manyazi.

Mayiyo anachiyang'ana nthawi yaitali, osandipatsa ngakhale mpando.

"Khutu ndi lawo," anatero, n'kulowa nacho m'nyumba.