Mphindi Zisanu ndi Ziwiri za Mayi Tsvetana

Mayi Tsvetana Gyurova akhala akulemba ziweto za m'mudzi mwathu kwa zaka makumi atatu. Nkhosa ikabadwa, ikagulitsidwa kapena ikagwidwa ndi mimbulu, nkhaniyo imadutsa m'manja mwawo. Sakhulupirira munthu. Ngakhale tchizi cha mnansi amayamba achinunkhiza kaye. Wotchi iliyonse imene ili yawo imatsogola ndi mphindi zisanu ndi ziwiri. Anayamba zimenezi chaka chimene sitima ya ku Pleven inawasiya, n'kukafika kuchipatala bambo awo atatsikira kale kuli chete.

Kompyuta ya mu ofesi mwawo ndi yamakedzana, yonga zimene ku Germany amangozisiya m'mbali mwa msewu. Chaka chino a boma ku Sofia analamula kuti polowa m'kaundula wa ziweto, mawu achinsinsi okha sakwanira. Pafunikanso nambala yotsimikizira imene imasintha theka la mphindi likatha. Anzawo amaiona pafoni, koma foni ya Mayi Tsvetana ndi yamabatani, choncho anawaikira kapulogalamu kotulutsa nambalayo pakompyuta pomwepo.

Tsiku loyamba zinayenda. M'mawa mwake kaundula anayamba kukana. Ankalemba nambala ndi chala chimodzi, mosamala, koma yankho linali lomwelo: yolakwika.

"Zala zakalamba basi, azakhali," anatero Lyuben, meya wa mudziwo, atatsamira chitseko. "Ogula nkhosa za mlimi Stoimen abwera Lachisanu. Zikapezeka kuti sizili m'kaundula, pampandopo ndiikapo wina."

Winayo aliyense ankamudziwa: mlamu wake wa Lyuben, amene anali atangobwera kothyola malalanje ku Valencia.

Panali zinthu ziwiri zimene zinkawasowetsa mtendere mayiwa. Choyamba, kaundula ankatseguka Lachiwiri lokha, tsiku limene a Zdravko, dokotala wa ziweto, ankabwera kudzalemba za katemera pakompyuta yomweyo. Chachiwiri, Lachitatu lililonse ankapeza kawotchi ka pakona ya kompyuta katabwezedwa m'mbuyo. Ankakakankhiranso kutsogolo. Kwa iwo nkhani inali yoonekeratu: Zdravko ndi Lyuben amamwera limodzi khofi, ndiye wina akubisa nambala yeniyeni, kwinaku akuwabwezera nthawi kuti tsiku lina adzachedwe.

Lachiwiri la sabata imeneyo, a Zdravko atafika, mayiwa anatenga chikwama. "Ndikagule banitsa, chitumbuwa cha tchizi chija, adokotala. Musadzivute n'kulondera."

Sanapite patali. Anaima kuseri kwa chitseko, diso lili pampata. Dokotalayo anakhala pansi, nasuzumira wotchi yake yapamkono, n'kuyamba kubweza ya pakompyuta.

"Ndakugwirani," anatero mayiwa polowa. "Lyuben wakulonjezani chiyani? Botolo la mowa wa rakiya?"

"Lyuben angapatse munthu botolo? Ngakhale chitsekerero sangapereke." A Zdravko sanatembenuke n'komwe. "Ndikukonza wotchi. Sabata iliyonse ndimaipeza yathamanga. Batire lake latha, ndakhala ndikufuna kukuuzani."

"Silinathe. Ndimaitsogoza ndine."

Apa m'pamene dokotalayo anavula magalasi. "Mayi Tsvetana, nambala ija imapangidwa kuchokera ku nthawi ya pakompyutayi. Makina a ku Sofia nawonso amapanga yawo poona wotchi yawo, kenako amayerekeza ziwirizo. Inu mumawatumizira nambala ya mphindi imene kwa iwo sinafike."

"Ndiye akundikana chifukwa chofulumira?"

"Eya."

"M'dziko lino lomwe basi ya 8 koloko imafika 9?"

"Lomweli."

Sanawakhulupirire. Anawauza kuti aime pazenera, manja ali m'thumba. Analemba nambala wotchi ili pa nthawi ya dokotala, kaundula n'kutseguka. Anatuluka m'kaundulamo, naitsogoza wotchiyo, kaundula n'kukana. Anabwereza katatu, akuponya diso kwa a Zdravko kuti aone ngati pali chimene akudina m'thumbamo.

Pofika Lachinayi masana, nkhosa zonse za Stoimen zinali m'kaundula. Lyuben anawerenga pepala lotsimikizira kawiri, nalibweza. Mlamu wake uja akuti akufunsafunsa za basi yobwerera ku Valencia.

Mayi Tsvetana akadali pampando wawo. Pakona pamene pali kawotchi ka pakompyuta anamatapo kapepala kuti asamakaone, ndipo nthawi amaiona pamkono pawo, pamene mphindi zisanu ndi ziwiri zija zikadalipo. Lachiwiri lililonse, a Zdravko akangotuluka, amatukula kapepalako pang'ono kuti aone ngati wina wakhudzapo.