Mabowo a pa nyumba ya Nicanor

Ine ndinagwirapo agogomole asanu ndi dzanja limodzi, linalo ndikudyera chimanga chootcha. Chabwino, limenelo ndi bodza, sindinakhudzepo ngakhale nthenga. Koma za Nicanor, mwana wa mlongo wangayu, zokha ndi zoona, ndipo zikuchititsa manyazi mapiri onse a Michoacán.

Nicanor ndi kalipentala wodzimva. Akapala thabwa amalisisita ngati tsaya la khanda, nkuyang'ana uku ndi uku kuti aone amene akumusirira. Anamanga nyumba ya matabwa a paini kuti akwatire Herminia, chifukwa bambo a mtsikanayo, a Tiburcio, ananeneratu kuti mwana wawo sakalowa m'chisakasa.

Nyumba itatha, agogomole ofiira pamutu aja anaiyesa nkhokwe yawo. Ena anaboola khoma nkumakhomereramo njere za mitengo ya ensino, bowo lililonse njere yake. Ena anakumba chisa pa nsanamira, bowo loti nkulowamo mbuzi ndi nyanga zomwe. Gologolo akayandikira ankamuthamangitsa. Mwini nyumba naye ankamukalipira ngati wakuba.

Tsono mutu wa Nicanor uja, womwe ndi wongovalira chipewa, unaganiza kuti akachotsa tonde wa gululo enawo abalalika. Anamulasa ndi legeni. Mwana wokulira m'nkhalango osadziwa kuti tonde akafa, nkhokwe imasanduka chuma chamasiye! Kutacha agogomole anafika kuchokera m'zigwa zonse kudzalimbirana malowo. Dzuwa linabisika. Anamenyana masiku angapo, kutambasula mapiko, kugwetsana pansi, ena angobwera kudzaonerera. Opambana anakhazikika nkuyamba kuboola mwachangu kuposa oyamba aja.

Loweruka a Tiburcio anabwera kudzayendera nyumba. Anaima manja kumbuyo, kuyang'ana khoma lomwe linali ngati sefa.

"Nanga izi?" anafunsa motero.

Malume ntchito yake nkupulumutsa zitsiru za pamtundu, choncho ndinalowererapo. "Bambo, amenewa ndi mamangidwe atsopano a ku mzinda waukulu wa Morelia. Mnyamatayu waboola dala, limodzilimodzi, kuti mwana wanu azipuma mpweya wabwino."

A Tiburcio anagwedeza mutu. Nkhope inayamba kumasuka. Ukwati unali m'manja, ndikunena pano.

Koma Nicanor anali atatupa kale ngati chule. Anaponya chipewa pansi.

"Malume, mwanamatu apa! Ine ndingaboole mabowo okhota chonchi? Taonani, ili lalikulu, ili laling'ono, mzere palibe. Ine ndikamaboola ndimayeza, apongozi. Izi ndi mbalame, ndipo sizichoka!"

A Tiburcio anatola chipewa chija, nkumupatsira bwinobwino, nkuuyamba wa kwawo.

Nicanor anandiyang'anabe mokwiya. "Ndipo ku Moreliako, malume, munapitako liti inu?"