Wokankha Njinga ya a Walt

Ntchito yanga yoyamba ku America kuno inachokera pakamwa pa Anti Esnati, mayi wa ku Chipata amene khomo lake linkayang'anizana ndi lathu ku Silver Spring. Ankayeretsa m'nyumba za anthu ku Virginia, ndipo tsiku lina anandipeza pamasitepe nditakhala ngati nkhuku yonyowa.

"Iwe Twaibu, si unali kukonza njinga za kabaza ku Liwonde? Kuli mdala ku Annandale, garage yake yadzaza na tuma motorbike. Afuna munthu. Just show up, usakambe vambiri."

Ndinakwera sitima, kenako basi, kwinako n'kumalizitsa wapansi. Anandilandira a Walt, mzungu wamtali wokalamba, woyenda ndi ndodo, manja akunjenjemera. Atatsegula galaja ndinatsala pang'ono kuseka. Ndinkayembekeza zinjinga zamkokomo, koma ndinapeza tinjinga towonda ngati agalu osaka, matayala ngati a njinga yakapalasa, injini yoti munthu n'kuinyamula m'khwapa. Zinali njinga zakale za mpikisano, za 50cc ndi 125cc, zochokera ku Italy, ku Spain ndi ku Japan. Zinalibe nyale, hutala, kiki ngakhale sitata, chifukwa pampikisano chilichonse cholemetsa chimachotsedwa.

"Sizifa ndi kuthamanga izi," anatero a Walt. "Zimafa ndi kukhala."

Ntchito yanga inali kuziletsa kufa ndi kukhalako. Ndinkamasula pulagi, kudontheza mafuta pang'ono mu silinda, kuika giya, n'kuzunguza tayala lakumbuyo ndi dzanja kuti pisitoni isagwire. Ndinkamasula kabuleta n'kutsuka timabowo take, kuyang'ana waya womangira mabawuti kuti asamasuke, kupopa matayala, kupukuta fumbi. Mathanki onse ankakhala ouma. Injini zimenezi zimamwa petulo wosakaniza ndi mafuta, ndipo mafuta ake ndi amene anandizizimutsa: a nsatsi. Akakhalitsa mu injini amauma n'kumata ngati ulimbo, n'chifukwa chake sasiyidwamo. Kwathu fungo limenelo ndinkalidziwira m'nsupa za asing'anga, ndiye ndikatsegula botolo tsitsi linkandiima. A Walt ankati ndi fungo la unyamata wawo.

Amene ankandilipira anali mwana wawo wamkazi, Linda, yemwe ankabwera Loweruka lokha. Iye anandipatsa lamulo limodzi.

"Njinga izi sizilira popanda wokankha. Bambo akadzakupempha kuti uwakankhe, ukane. Mtima wawo ndi wofooka, akagwa sadzadzukanso."

Anandifotokozera kuti a Walt ali mnyamata ankathamanga pa kanjinga kofiira kamene kanali pakona, ndipo wowakankha anali mng'ono wawo, Ray. Kuliza njinga yotere kumafuna anthu awiri: wokwera amaika giya n'kugwira kilachi, mnzake amagwira kumchira n'kuthamanga nayo, kilachi ikatayidwa injini n'kulira, wokankha n'kusiya. Tsiku lina Ray atangosiya, njinga ina inamuomba kumbuyo, n'kufera pomwepo. A Walt sanathamangenso, anangoyamba kugula tinjinga totere kulikonse kumene amva kuti kuli.

Miyezi yoyamba zinkayenda bwino. Kenako ndinayamba kupeza kanjinga kofiirako katatembenuka, mutu kuloza kukhomo, pamene dzulo lake ndinakasiya koyang'ana kukhoma. Ndinafunsa a Walt, iwo n'kungomwetulira. Ndinadziuza kuti ndi iwo omwe, ngakhale munthu wake anali woti kapu ya tiyi ankaigwira ndi manja awiri. Nthawi zina ndikamagwira ntchito ankalankhula ndi munthu kumbuyo kwanga, ndikacheuka n'kupeza khoma. Ndimapemphera ine, sindithamangira za mizimu, koma ndinayamba kugwira ntchito chitseko chili chotsegula ngakhale kukuzizira.

Tsiku limene zinachitika linali la nyengo imene masamba amayoyoka. Kunagwa mvula m'mawa, ndipo kanjira kochoka pagalaja kukafika kumsewu kanali katadzaza masamba onyowa. Kanjirako ndi kokwera, osati kotsika. Nditafika, fungo la nsatsi linandilandira ndisanalowe n'komwe. A Walt anali atakhala kale pa kanjinga kofiira, atavala jekete yachikopa yowakulira ndi chipewa cholimba chakale, ndodo ili pansi, botolo losakanizira mafuta lili pambali lopanda kanthu.

"Gwira kumchira," anatero osandiyang'ana. "Ndikati tiye, uthamange."

Ndinawauza mwaulemu kuti sindingathe, Linda anakaniza. Anandipempha kachiwiri, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri, chifukwa munthu ameneyu sanandichitepo chipongwe. Anati akufuna kungoimva ikulira pansi pawo kamodzi asanafe. Ndinakanabe. Ndinayesa kuwagwira mkono kuti atsike, koma anakakamira zigwiriro ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti ali nayo, ndipo ndinaopa kuti tikalimbana tigwa tonse ndi njinga.

Kenako nkhope yawo inamasuka. Anayang'ana kuseri kwa phewa langa.

"Basi, musiye mnyamatayo. Wabwera Ray."

M'galajamo foni sinkagwira, ndiye ndinazungulira kuseri kwa nyumba kuti ndimuimbire Linda. Mtima unali m'malo, chifukwa ndinkadziwa kuti popanda ine kanjingako ndi chitsulo chabe. Linda atangoyankha, ndinamva matayala akuswa masamba, mapazi akumenya pansi mofulumira, kenako injini. Amene sanamvepo 50cc ya mpikisano ikulira sangamvetse. Siichita mkokomo, imakuwa ngati munthu. Linda naye anaimva pafoni, n'kufuula dzina langa.

Ndinathamanga. Ndinangoona kumsana kwa jekete yachikopa kukuthera pamwamba pa kanjira, njinga ikupepesuka ngati wina akuikokera kwina, n'kukalowa mumpanda wamaluwa wa tsidya lina la msewu. Ndinawapeza a Walt ali chagada, akupuma, maso ali gwa kumwamba. Ndinatseka mafuta, injini inazima, ndipo ndinaimbira ambulansi. Ndikudikira ndinayang'ana m'mbuyo. M'masamba munali mzere wa tayala, ndipo pambali pake, kuchoka pagalaja mpaka kumsewu, masamba anali atafukulidwa apa ndi apo, mmene amachitira munthu akamathamanga atawerama. Mwina anali mapazi anga pothamangira kumeneko. Ndayesa kukhulupirira zimenezo.

Linda sanandikhulupirire, ndipo sindimuda. Ndani angavomere kuti nkhalamba yoyenda ndi ndodo inaliza yokha njinga yotere pamtunda? Ntchito inatha tsiku lomwelo. A Walt anathyoka chiuno ndipo sanayendenso. Tinjinga tija tinagulitsidwa kwa osonkhanitsa anzawo.

Patapita milungu ndinakawaona kunyumba yosungirako okalamba. Anandizindikira. Ndinawafunsa, popeza zinkandisowetsa mtendere, kuti anawakankha ndani. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana.

"Ray amakankha bwino," anatero. "Koma masiku ano sadziwa kusiya."

Lero ndimakonza njinga m'galaja ina pafupi ndi College Park, ndipo zakale zikabwera amandipatsa ine. Ndaphunzira zambiri za injini, koma chachikulu ndinachiphunzira tsiku lija. Ndinkaganiza kuti kukana n'kokwanira, kuti ukanena ayi wamaliza ntchito. Ayi wako amagwira ntchito pamene iwe waima pomwepo. Munthu akafunitsitsa chinthu chomupha, ukamukaniza usachoke, ngakhale kukaitana thandizo. Khala kumchirako, manja ako ali pachitsulo, mpaka atsike. Ukachokapo, pamalopo sipakhala popanda munthu.