Ndinakwecha Kandodo Koyezera Madzi

Inu owerenga, ine ndinauza achemwali anga kuti madzi a pachitsime chawo ndi abwino, chonsecho anali oipa. Mpaka lero mtima umandipweteka.

Ndinali nditangoyamba ntchito kubungwe lina loyeza madzi ku Mitundu. Tinkagwiritsa ntchito kandodo konga cholembera, kotchedwa elekitirodi. Kunsonga kwake abwana ankapakako mankhwala otuwa amene amakoka mtovu, chitsulo chapoizoni cha m'mabatire, ngakhale utachepa bwanji m'madzimo. Mtovu ukakakamira kunsongako, makina amaonetsa.

Achemwali amakhala ku Nathenje, kumunsi kwa bambo wina wokonza mabatire a galimoto, amene ankangotayira zamkati pamtunda. Achemwaliwo anali ndi mwana wongoyamba kumene kudya phala, ndiye anandipempha ndiwayezere madzi. Ndinapita nawo kuntchito m'botolo.

Tsikulo abwana anali kumsonkhano. Nditatenga kandodoko ndinaona kutuwa kunsonga, n'kumayesa litsiro. Ine ndi uve sitimwerana madzi. Ndinakakwecha ndi nsalu mpaka mbee! Lamulo linali lakuti tiziyamba tayesa kandodo m'madzi amene tikudziwa kuti muli mtovu, koma ndinali ndi phuma lothamangira minibasi. Ndinangokaviika m'madzi a achemwali, makina sanaonetse kanthu. Ndinaimba foni: “Achemwali, musadandaule, imwani.”

Mawa lake abwana anakweza kandodoko m'mwamba, nafunsa amene wachotsa mankhwala. Anati kopanda mankhwalawo, mtovu wochepa sikangauone. Ndinayankha kuti sindikudziwa.

Abale inu, ndinakhala chete miyezi iwiri, kuopa kuchotsedwa ntchito. Lamlungu lililonse ndinkapita ku Nathenje, n'kumaona achemwali akutunga pachitsime chomwecho kuti aphikire mwana. Ndinkadzinamiza kuti mwina madziwo alibedi kanthu.

Mwana atayamba kukana chakudya ndi kulira m'mimba, ndinaulula kwa abwana. Anapakanso mankhwala, tinayeza madzi atsopano a pachitsime chija, ndipo mzere wa pamakina unakwera ndikuona ndi maso angawa. Kuchipatala anaupezanso mtovuwo m'magazi a mwana.

Ntchito sanandichotse. Achemwali sananditukwane n'komwe. Anangofunsa: “Iwe unadziwa liti?”

Inu amene mumayeza zinthu zolowa m'thupi mwa anthu, musadumphe ndondomeko chifukwa chofulumira, ndipo mukalakwitsa nenani tsiku lomwelo. Mwanayo tsopano ali ndi zaka zitatu, anzake akulankhula, iye ayi. Adokotala akuti tidikire. Akandithamangira kuti ndimunyamule, ndimalephera kumuyang'ana kumaso.